Khansa ya m'nsagwada si ya ku mtundu wa mayi

Mwana akatupa tsaya mbali imodzi kuno kwathu, mlandu umayamba matenda asanadziwike. Sabata yoyamba amati ndi matsagwidi, aphwa okha. Sabata yachiwiri amati ndi dzino. Ikafika yachitatu, diso litayamba kutong'oka, agogo amatchula mdulo, ndipo maso onse amatembenukira kwa bambo kapena kwa mayi: ndani wa inu anayenda molakwika mwana ali wamng'ono? Banja likafika kuchipatala chachikulu n'kumva kuti ndi khansa, komanso kuti DNA ya mwanayo, malangizo a thupi amene timatengera kwa makolo, yawonongeka, mlandu uja sutha. Umangosintha bwalo. "Mwamva, apongozi? Akuti n'zachibadwa. Kwathu kulibe zimenezi." Mayi amangowerama.

Ndikufuna kutsutsa zimenezi, ndipo ndikutsutsa ndi sayansi yomweyo imene anthu akuimva theka. Khansa imene imatupitsa nsagwada za ana m'Chigawo cha Kum'mawa cha Zambia nthawi zambiri imakhala Burkitt lymphoma, imene imathanso kutupitsa mimba. N'zoona kuti imayamba DNA ikaduka n'kulumikizidwa molakwika. Koma kudukako sikuchokera kwa atsibweni kapena kwa agogo aamuna. Kumachitika m'thupi la mwanayo atabadwa kale, m'selo imodzi yokha (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi), ndipo chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimakankhira selo imeneyo kuphompho ndi malungo obwerezabwereza. Amene akufuna woti amuimbe mlandu ayambe wayang'ana udzudzu, kenako ayang'ane mmene tonse timachedwera.

Lymphoma ndi khansa ya asilikali a m'thupi, maselo oyera amene amakhala m'mwanabere, m'kapamba, m'matumbo ndi m'mongo wa mafupa. Mitundu yake ndi yambiri, koma yochuluka imachokera ku gulu limodzi lotchedwa maselo a B, amene ntchito yawo ndi kupanga ma antibody olimbana ndi tizilombo. Funso labwino n'lakuti, n'chifukwa chiyani maselo amenewa amagwa m'khansa kawirikawiri chonchi, ngakhale mwa mwana wa zaka 6 amene sanasutepo fodya kapena kumwa kachasu?

Selo ya munthu imasunga DNA yotalika pafupifupi mamita 2, yopindidwa m'timitolo 46 totchedwa makromosomu. DNA imeneyi siikhala mwamtendere. Tsiku lililonse imavulala malo masauzande ambiri m'selo imodzi, chifukwa cha kutentha kwa thupi, mpweya umene timapuma, dzuwa ndi zina. Tili ndi moyo chifukwa muli magulu a mapuloteni amene amayendera DNA usana ndi usiku, kupeza povulala n'kukonza. Mu 2015 Tomas Lindahl, Paul Modrich ndi Aziz Sancar analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene kukonzaku kumachitikira. Choncho maselo onse amayesetsa kuti DNA yawo isaduke. Pafupifupi onse, koma osati asilikali aja.

Selo ya B imadula DNA yake mwadala. Tizilombo ta padziko n'tosawerengeka, ndipo thupi silingabadwe ndi antibody wa kachilombo kalikonse. Ndiye selo imachita ngati telala wa pamsika wa Kapata amene ali ndi nsalu zochepa koma makasitomala a misinkhu yonse: amadula apa, amataya apo, n'kusoka zidutswazo mwatsopano kuti chovala chimukwane munthu amene wabwera lero. Susumu Tonegawa wa ku Japan ndiye anasonyeza kuti majini (zigawo za DNA) a ma antibody amadulidwa n'kusokedwanso motere, ndipo anapatsidwa Nobel mu 1987. Kudula koyamba kumachitika selo ikadali m'mongo. Kwachiwiri kumachitika matenda akalowa: maselo a B amasonkhana m'mwanabere, amachulukana mothamanga kwambiri, ndipo puloteni yotchedwa AID (si Edzi ayi), imene gulu la Tasuku Honjo linaipeza mu 1999, imayamba kusintha ndi kudulitsa DNA kuti antibody akhale wakuthwa kuposa poyamba. Mwanabere amene mumamukhudza m'khosi mwa mwana akadwala, mkati mwake mukuchitika zimenezi.

Telala wothamanga amasoka mkono pakhosi. Nthawi zina AID imaphonya n'kudula malo osayenera, ndipo okonza aja, pofulumira kutseka bala, amalumikiza zidutswa za makromosomu awiri osiyana. Mu Burkitt, chidutswa cha kromosomu 8 chimene chili ndi jini yotchedwa MYC chimakasokedwa pa kromosomu 14, pafupi ndi malo amene amalamula kupanga ma antibody. Izi zimapezeka mwa odwala pafupifupi 8 pa 10 alionse. Mwa otsalawo chimapita pa kromosomu 2 kapena 22, koma zotsatira zake n'zimodzi. MYC ndi jini youza selo kuti ikule n'kugawikana. Malo a ma antibody m'selo ya B sazima. Ukaika MYC pamenepo, selo imalandira lamulo logawikana ndipo palibe wolithetsa. Kromosomu 14 yachilendoyi inaonedwa koyamba mu 1972, ndipo mu 1982 zinadziwika kuti MYC ndiyo ili pamsokopo.

Ma lymphoma ena ali ndi misoko yawoyawo. Follicular lymphoma, ya akuluakulu, imakhala ndi chidutswa cha 18 pa 14, chimene chimaletsa selo kufa nthawi yake ikakwana. Mantle cell lymphoma imakhala ndi 11 pa 14. Nambala 14 ikubwerabwera chifukwa ndi pamene lumo limagwira ntchito masiku onse.

Tsono taonani chimene chikukhudza mlandu wa m'banja uja. Msoko wolakwikawu mulibe m'dzira la mayi, mulibenso mu umuna wa bambo. Mukatenga khungu la mwana yemweyo, kapena maselo ake ena abwinobwino, makromosomu 8 ndi 14 ali m'malo mwake. Azibale ake sanalandire msokowo. Iye akachira n'kukula, sadzaupatsira ana ake.

Nanga malungo akulowa bwanji? Denis Burkitt, dokotala wa ku Ireland amene ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, analemba za chotupachi mu 1958. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anakwera galimoto yakale n'kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, kuyendera zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland, akufunsa funso limodzi: kodi munaonapo ana otupa chonchi? Mapu amene anatuluka anali odabwitsa. Chotupacho chinali chofala kumalo otsika, otentha ndi a mvula. Chinkasowa kumapiri ozizira ndi kumalo ouma. Ku Zanzibar, kumene panthawiyo malungo anali atathiridwa nkhondo, chinali chosowa ngakhale kuli kotentha. Mapu a khansayi anali mapu a malungo. Aliyense amene anagonapo ku Mfuwe mwezi wa February, kenako n'kukwera kubwera ku Chipata, akudziwa kuti chigawo chathu chili mbali iti ya mapuwo, makamaka chigwa cha Luangwa.

Mu 1964, ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupa chimene chinatumizidwa kuchokera ku Uganda. Kachilomboka, kamene lero timakatcha EBV, kanali koyamba kudziwika kuti kamathandiza kuyambitsa khansa mwa munthu. Kamayenda m'malovu, ndipo kuno pafupifupi mwana aliyense amakatenga asanayambe sukulu, nthawi zambiri osadwala n'komwe. Kamabisala m'maselo a B moyo wonse. Kuipa kwake n'kwakuti kamatha kuteteza selo yowonongeka kuti isafe. Mwachibadwa, selo imene MYC yake yapenga imayenera kudzipha yokha. Mlonda wamkulu wa ntchito imeneyi ndi puloteni yotchedwa p53. EBV imathandiza selo kuzemba imfa imeneyo, ndipo m'zotupa zina za Burkitt p53 yeniyeniyo imapezeka itawonongeka.

Ikani zonsezi pa mwana mmodzi wa ku Mambwe kapena ku Petauke. Malungo amugwira mu January, amwa Coartem, achira. Amugwiranso mu March. Pakati apo ali ndi tizilombo m'magazi ngakhale thupi silikutentha, akusewera mpira wachikulunga ngati wina aliyense. Chaka ndi chaka maselo ake a B sapuma. Akuchulukana, AID ili yoyaka, lumo likudula. Malungo omwewo amafooketsa asilikali ena amene amayang'anira EBV, moti maselo okhala ndi kachilomboka amachuluka. Mu 2015 gulu la Michel Nussenzweig ku yunivesite ya Rockefeller ku New York linasonyeza mu mbewa za m'labotale kuti malungo okhalitsa amatalikitsa nyengo yochulukana ija, amadulitsa DNA ya maselo a B malo ambiri, ndipo amakankhira ku lymphoma yodalira AID. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu 2012, bungwe la IARC, nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, linali litaika kale malungo a falciparum a kumadera kumene satha chaka chonse m'gulu la zinthu zimene n'kutheka kwambiri kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Ndi angati mwa ife anamvapo zimenezi pa sikelo ya ana kapena pa wailesi?

Wina anena kuti ndikukokomeza. Ana onse a m'mudzi amadwala malungo, onse ali ndi EBV, koma amene amatupa nsagwada ndi mmodzi pa ambirimbiri. N'zoona. Ngakhale kumadera kumene khansayi ndi yofala, imagwira ana osafika 10 pa 100,000 alionse pachaka. Kuti ichitike pamafunika ngozi zingapo zigwere selo imodzi motsatizana, ndipo okonza DNA amapambana pafupifupi nthawi zonse. Koma ngozi imene mpata wake ndi wochepa imachuluka ukamaiyesa kambirimbiri. Malungo aliwonse amene mwana wapewa ndi maulendo ochepa amene lumo latsegulidwa. Neti sikutsimikizira kuti mwana sadzadwala khansa, ndipo mayi amene mwana wake wadwala asauzidwe kuti n'chifukwa sanamufunditse neti. Kumeneko kungakhale kuchotsa mlandu wa mdulo n'kuikapo wina. Chimene ndikunena n'cha mudzi wonse ndi boma lonse: kumene malungo atsika, nthaka imene khansayi imamerapo imachepa.

N'chifukwa chake zimandiwawa kuona neti yatsopano, yobiriwira bwino, itakutidwa pa nazale ya tomato kudimba, kapena itazunguliridwa pa timitengo kutchingira anapiye kwa kabawi, pamene ana anayi akugona pamphasa popanda kanthu. Eni ake si opusa. Anapiye ndi ndalama ya mawa, pamene malungo amaoneka ngati mlendo wozolowereka amene amabwera n'kupita. Opopera mankhwala akafika amapeza zitseko zokhoma, eni nyumba ati mankhwalawo amadzutsa nsikidzi. Uthenga umene anthu akhala akumva ndi wakuti malungo amapha, ndipo iwo amayankha mumtima kuti ife tadwala kangati, si tili moyo? Uthenga wakuti malungo obwerezabwereza amasiya zipsera m'kati mwa maselo a mwana sunafike. Malawi, pafupi pomwepa, linali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana mu 2019. Katemera wotere akamakambidwa, nkhani ya khansa ya ana iyenera kukhala nawo pa tebulo.

Kuti ndisanamize munthu: alipo ma lymphoma amene muzu wake ndi wobadwa nawo. Pali matenda osowa kwambiri otchedwa ataxia-telangiectasia, amene mwana amabadwa jini yake ya ATM, imene imaliza belu DNA ikaduka, ili yakufa. Mwana wotere amayenda modzandira kuyambira ali wamng'ono, timitsempha tofiira timaoneka m'maso, amadwaladwala, ndipo mpata wake wodwala lymphoma ndi waukulu kwambiri. Palinso Nijmegen breakage syndrome, imene imapezeka makamaka kwa anthu a ku Poland ndi maiko oyandikana nalo, ndi Bloom syndrome. Matenda amenewa ndi amene anaphunzitsa asayansi kuti kukonza DNA kukalephera, asilikali a m'thupi ndiwo amayamba kugwa. Koma ngakhale pamenepa, woloza chala akuchikazi alibe pogwira. Kuti mwana adwale matendawa ayenera kulandira jini yowonongeka kuchokera kwa mayi ndi inanso kuchokera kwa bambo, onse awiri ali bwinobwino osadziwa kanthu.

Kwa akuluakulu nkhani imabwera ndi HIV. Kachilomboka kamasokoneza maselo a B kuti azikhala otakataka nthawi zonse, kamapha asilikali oyang'anira EBV, ndipo lymphoma inadziwika kuyambira m'ma 1980 ngati imodzi mwa khansa zosonyeza Edzi. Ma ARV achepetsa kwambiri ma lymphoma ambiri otere. Munthu amene ali pa mankhwala akaona mwanabere wosapweteka amene sakuphwa, akutuluka thukuta usiku, akuonda, asangoti ndi TB yabwerera. TB ndi lymphoma zimafanana, ndipo chosiyanitsa n'kudula kachidutswa n'kukayeza.

Mbali imene imandipatsa mphamvu, komanso kundikwiyitsa, ndi iyi. Kupenga komweko kumene kumachititsa Burkitt kukhala yoopsa ndi kumene kumaichititsa kugonja. Ndi imodzi mwa khansa zothamanga kwambiri mwa munthu: maselo ake amatha kuwirikiza m'maola 24 mpaka 48. Selo yothamanga chonchi ilibe nthawi yoima n'kukonza DNA yake. Mankhwala monga cyclophosphamide amagwira ntchito powononga DNA dala. Maselo abwino amaima n'kudzikonza, a khansa amathamangira kugawikana ali ovulala n'kufa. Tsaya limene linali ngati la munthu wina limatha kuphwa m'masiku ochepa. Burkitt mwiniyo anaona ana akuchira ndi mankhwala ochepa m'ma 1960. Lero kumaiko olemera ana oposa 9 pa 10 amachira. Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pogwiritsa ntchito mankhwala otsika mtengo ndi ochepa mphamvu, anasonyeza kuti pafupifupi theka la ana angapulumuke ngakhale kuno kwathu.

Theka linalo limatayika pati? Ena amafika chotupa chitalowa kale m'mongo kapena mu ubongo. Ena amafika ali onyentchera moti thupi silingapirire mankhwala amphamvu. Ena amafa ndi matenda ena asilikali atatsika, kapena impso zikalephera kutulutsa zinyalala za maselo ofa mwadzidzidzi. Ndipo ena amapita kwawo msanga. Apa ndi pamene kuphwa kofulumira kuja kumasanduka msampha. Mayi ali ku Lusaka, makilomita oposa 550 kuchokera ku Chipata, akugona pansi pafupi ndi bedi la mwana. Mvula yagwa kumudzi, mtedza sunabzalidwe, ana ena atatu ali ndi agogo. Foni ikulira: "Amake mwana, si mwati watsika? Bwerani, munda ukudikira." Tsaya laphwadi, mwana akudya nsima, akuseka. Koma maselo otsala osaoneka ndi maso ali ndi DNA yosakhazikika, akusinthabe, ndipo amene apulumuka mankhwala oyamba ndi amene ali olimba. Chotupa chikabwerera, kawirikawiri chimabwera chosamva mankhwala. Namwino amene akuuza mayi kuti amalize mankhwala amuuzenso chifukwa chake m'Chinyanja chomveka, ndipo bambo ndi ankhoswe amve nawo, chifukwa amene amalamula zobwerera kumudzi nthawi zambiri si amene ali m'wodi.

Kwa akuluakulu a zaumoyo ndili ndi mawu awa. Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 2007, ndi chuma cha dziko, ndipo makina ake owotcha khansa ndi ofunika kwa amayi a khansa ya khomo la chiberekero ndi ena. Koma Burkitt siifuna makina amenewo, siifunanso opaleshoni yaikulu. Imafuna woizindikira msanga, woyeza kachidutswa, mankhwala osadukiza, magazi, mankhwala opha mabakiteriya, chakudya, ndi anamwino ophunzitsidwa bwino. Zambiri mwa zimenezi n'zotheka kuziika pafupi ndi anthu. Chigawo chili ndi Chipata Central, St Francis ku Katete, Mwami ndi zipatala zina zimene anthu amazikhulupirira. WHO inaika Burkitt pa mndandanda wa khansa 6 za ana zoyenera kuyambirapo pamene inakhazikitsa cholinga mu 2018 chakuti pofika 2030 ana 60 pa 100 alionse odwala khansa azipulumuka, ndipo Zambia ili m'gulu la maiko oyamba a ndondomeko ya WHO ndi chipatala cha St Jude cha ku America yopereka mankhwala a khansa ya ana. Mankhwalawo akafika, funso langa n'lakuti afika mpaka pati pa Great East Road. Ndipo poti Lilongwe ili pamtunda wosakwana makilomita 150 kuchokera ku Chipata, anthu ake olankhula chinenero chathu chomwechi, sindikuona chifukwa chimene maboma awiriwa sangagwirizanire zoyeza tizidutswa ndi kuphunzitsana, m'malo moti banja lililonse lizidzipezera lokha njira pamalire a Mwami.

Chovuta kwambiri chili pa kiliniki ya kumudzi, ndipo si ulesi wa munthu. Khansayi imakonda ana a zaka zapakati pa 4 ndi 7, anyamata kuposa atsikana. Chapazaka 6 ndi pamenenso mano a ubwana amayamba kugwedera okha. Mwana akabwera ndi dzino logwedera ndi tsaya lotupa, pamzere pali anthu 80, wachipatala amapereka Panadol ndi amoxicillin, kapena amatumiza kokazula. Koma yang'anani bwino m'kamwamo. Amene akugwedera ndi mano akumbuyo otafunira, angapo nthawi imodzi, ena atakankhidwa kuchoka pamzere wake. Nkhama zatupa koma mafinya palibe. Mukakanikiza, mwana salira monga amalirira ndi chithupsa. Mwinanso nsagwada zili bwino koma mimba ndiyo yakula mofulumira, ndipo aliyense akuti ndi njoka za m'mimba kapena kapamba wa malungo. Mwana wotere sayenera kuuzidwa kuti abwerenso pakatha milungu iwiri tione. Kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu ilembedwe tsiku lomwelo, ndipo zotsatira za kachidutswa zibwere m'masiku, osati m'miyezi.